Galu ndi nkhalango ya ku St Lucia: ndimutenge kapena ndimusiye?

Bambo a Yankho (Cosmo City): Moni nonse pagulu lathu la Amalawi okhala kuno ku South Africa. Ndabwera kudzapempha nzeru. Abwana anga apuma pantchito ndipo agula nyumba yogona alendo ku St Lucia, ku KwaZulu-Natal. Akufuna ndipite nawo ndizikayang'anira pabwalo, pogona andipatsa. Nkhani ili pa galu wanga Sheba. Ndi galu wamba ngati akumudzi aja, wamkazi, sanakwane zaka ziwiri. Abwana akuti ndimutenge koma azikhala mkati mwa mpanda usana ndi usiku chifukwa kuseri kwa nyumbayo ndi nkhalango. Ine ndimati kumeneko ndiye kwabwino, azikathamanga m'tchire monga amachitira agalu kwathu ku Dowa. Mnzanga wina akuti ameneyu ndimusiye ndigule galu wa mtundu wa pit bull, akuti malo a alendo amafuna galu woopsa. Amene mukudziwako ndithandizeni.

Mayi a Tadala (Rosettenville): Achimwene, ntchito yobwera ndi nyumba masiku ano ndi mwayi, pitani. Koma za pit bull zisiyeni. Mwaiwala phokoso la 2022 pamene ana anaphedwa ndi agalu amenewa, anthu mpaka kusainira kalata yopempha boma kuti liwaletse? Galu akaluma mwana wa mlendo, ntchito yatha tsiku lomwelo, mlandu pamwamba.

Kondwani (wa thiraki): Amayi, si pit bull aliyense woluma anthu. Msuweni wanga ali naye ku Tembisa, ana amamukwera pamsana iye ali phee. Vuto ndi eni ake amene amamumanga pa unyolo waufupi n'kumamumenya kuti aluse.

Mayi a Tadala: Nanga alendo a abwanawo adzakhala ana a msuweni wako?

Che Amidu (Mayfair): Ine za mitundu ya agalu musandifunse, kwathu galu salowa m'nyumba. Koma ndamva kuti ku St Lucia mvuu zimayenda m'tauni usiku. Ndine wa ku Mangochi, mvuu ndakula nazo. Mvuu ikakhala kumtunda ikudya, galu n'kuiuwa, siithawa ayi. Ikapsa mtima imathamangira komwe kukuchokera phokosolo, galu amathawira kwa mwini wake, ndiye mvuu imapeza nonse awiri pamodzi. Bambo a Yankho, ganizirani zimenezo musanaganize zogula galu woopsa.

Chisomo (Mtubatuba): A Che Amidu akunena zoona. Ine ndimagwira ntchito panyumba ina ya alendo komweko, ndimakwera taxi kuchokera ku Mtubatuba tsiku lililonse. St Lucia ndi katauni kakang'ono, kolowera pamlatho umodzi, ndipo mbali zonse kazunguliridwa ndi paki ya iSimangaliso. Mvuu zimatuluka mumtsinje usiku kudzadya kapinga m'mphepete mwa msewu, zikwangwani zochenjeza zili ponseponse. M'mawa mumapeza agwape ofiira aang'onoang'ono akudya masamba pafupi ndi mipanda ya anthu, mbawala nazonso, ndi magulu a misulu. Apusi ndiye osanena, amalowa mpaka m'khitchini mukasiya zenera. M'kati mwa nkhalango muli anchima, akuda aja amene amakonda mitengo italiitali. Pa geti la paki lopita ku gombe la Cape Vidal galu saloledwa, ngakhale atakhala m'galimoto. M'madzi muli ng'ona zambiri, ndipo galu wokonda kusewera m'mbali mwa mtsinje sachedwa kusowa. Amalume, abwana anu sakukuvutitsani, akunena zimene aliyense kuno amachita.

Bambo a Yankho: Zikomo achemwali. Koma Sheba si galu wosaka. Kuno ngakhale khoswe amangomuyang'ana.

Madala Gomani (Turffontein): Mwana wanga, galu wosasaka ndi amene sanaone gwape akuthawa. Ine ndasaka ndi agalu ku Ntchisi kuyambira ndili mnyamata. Tsiku loyamba amangothamangira anzake osadziwa chimene akuchita. Akangolawa magazi kamodzi, basi, simudzamuletsanso. Makamaka agalu akumudziwo, ali ndi mpweya, amathamanga tsiku lonse osatopa.

Nachisale (Randburg): Ndimadikira kuti ndiweruke kaye. Amene simundidziwa, ndimagwira ntchito kuchipatala cha ziweto, si ine dokotala, ndine wothandizira, wogwira agalu pobaya ndi kutsuka makola. Bambo a Yankho, nkhani ya gwape ibwera pambuyo. Choyamba ndi chiwewe. KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape ndi zigawo zimene chiwewe cha agalu sichinatheretu. Lamulo la dziko lino, Animal Diseases Act ya 1984, limati galu ndi mphaka aliyense abayidwe katemera akakwana miyezi 3, abayidwenso chaka chisanathe, kenako pa zaka 3 zilizonse, ndipo kumadera a chiwewe chambiri madokotala amalangiza chaka ndi chaka. Kodi Sheba ali ndi kabuku ka katemera? Ngati alibe, mubayitseni kudakali mwezi wathunthu kuti munyamuke, chifukwa katemera sayamba kuteteza tsiku lomwelo. Musaiwale kuti ulendowu ndi wa mbali ziwiri, mudzabwera naye kuno pa Khirisimasi. Mu 2010 chiwewe chinabuka kum'mwera chakumadzulo kwa Johannesburg, mwana wamng'ono anamwalira ku Soweto, ndipo akatswiri atayeza anapeza kuti kachilomboko kanali kofanana ndi ka agalu a ku KwaZulu-Natal. Mwina kanabwera ndi galu amene wina anamunyamula.

Bambo a Yankho: Anabayidwa kamodzi ali kamwana, kabuku ndili nako. Yachiwiri ija sinachitike.

Nachisale: Ndiye pitani naye sabata ino. A boma amabaya katemera wa chiwewe mwaulere akamachita kampeni, makamaka mu September pamene pali tsiku lokumbukira matendawa pa 28, koma inu musadikire. Kuno ku Johannesburg kuli mabungwe osamalira ziweto: SPCA ya ku Booysens kapena ya ku Marlboro, Animal Anti-Cruelty League ku Regents Park, PDSA ku Soweto, onsewa amathandiza anthu opeza zochepa pamtengo wotsika. Mupemphenso jekeseni ija yoteteza matenda asanu, muli matenda opatsirana a agalu otchedwa distemper ndi parvo imene kuno amati cat flu.

Mphunzitsi Banda (Kempton Park): Ndiwonjezepo pa distemper, chifukwa anthu amaganiza kuti ndi nkhani ya galu yekha. Mu 1994 ku Serengeti, ku Tanzania, matendawa anapha mikango pafupifupi 1,000, gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango yonse ya kumeneko, ndipo anachokera kwa agalu a m'midzi yozungulira paki. Galu safunika kuluma mkango kuti aupatse matenda. Amapatsira nkhandwe kapena fisi pa dzala, fisi amakapatsira mkango pa nyama yakufa. Mimbulu ndiye imatha msanga, chifukwa imanyambitana ndi kudyetsana, umodzi ukadwala gulu lonse lapita. Kwathu mimbulu inali itatsala pang'ono kutheratu, mpaka mu 2021 a bungwe loyang'anira mapaki la African Parks ndi anzawo anabweretsa 14 kuchokera kuno ndi ku Mozambique kukaika ku Liwonde ndi ku Majete. Mmbulu umodzi kuusamutsa ndi ndalama zambiri, koma galu mmodzi wosabayidwa wa kumudzi woyandikana akhoza kufafaniza ntchito yonseyo.

Kondwani: Aphunzitsi ayamba kalasi.

Mphunzitsi Banda: Khala pansi ulembe, mayeso ali mawa.

Mayi a Tadala: Ine chimene chimandipweteka n'choti agalu a kumene ndimagwira ntchito amadya bwino kuposa ana anga ku Ndirande. Chakudya cha m'thumba chokwera mtengo, bedi lawolawo, nyengo yozizira amavala majuzi. Tsopano pagulu la Amalawi tikukambirana za jekeseni wa galu. Dziko lapita kutali.

Nachisale: Amayi, za majuzi ndikugwirizana nanu, nanenso ndimaseka ndikamawavula. Koma katemera wa galu ndi wa mwana wanu wa ku Ndirande yemweyo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, pafupifupi onse chifukwa cha agalu, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse ndi ana. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre madokotala ankaona ana akumwalira nacho, n'chifukwa chake a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anayamba ntchito kumeneko mu 2015, ndipo chaka choyambacho anabaya agalu 35,000 m'masiku 20. Amati mukabaya agalu 70 mwa 100 aliwonse, matendawa amasowa podutsa. Kuombera agalu kuja boma limachita kale sikunathandize, chifukwa agalu ena amangobadwa n'kudzaza malo. Ndipo aliyense pagulu pano amve ichi: galu kapena mphaka wosamudziwa akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Jekeseni amabaya tsiku loyambalo, kenako pakapita masiku 3, masiku 7 ndi masabata awiri. Musayambe mwapita kwa asing'anga, musadikire kuti muone ngati galuyo afe. Munthu akayamba kuopa madzi, palibenso mankhwala.

Mayi a Tadala: Apo ndamva. Mwana wa mlongo wanga analumidwa chaka chatha, anangomupaka mankhwala a buluu aja. Mulungu anangomuteteza.

Madala Gomani: Ine ndili ndi funso kwa aphunzitsi. Mukuti galu wa mmphawi ndi amene akumaliza nyama. Kwathu uzimba unali mwambo. Mfumu imalengeza, nyengo yake inali yodziwika pambuyo pokolola, mudzi wonse umapita ndi agalu, nyama timagawana, ndipo chaka chotsatira nyama zinalipobe. Anamaliza njovu ndi njati ndi anthu a mfuti, osati ife a mikondo ndi zibonga. Lero yemwe ali ndi ndalama amalipira n'kuwombera nyama pa famu, amamutcha mlendo wolemekezeka. Mmphawi akagwira gwape mmodzi wa ndiwo, ndi wakuba, apolisi. Kumeneko ku St Lucia anthu sanawachotse pamalo awo?

Mphunzitsi Banda: Madala, pamenepo simukunama. Anthu amene ankakhala kum'mawa kwa nyanja ya St Lucia anasamutsidwa mokakamiza kuyambira m'ma 1950, boma la nthawi imeneyo linadzala mitengo ya paini pamalo awo. Nkhalango ya Dukuduku, imene mumadutsa pamsewu wochokera ku Mtubatuba, yakhala pamkangano zaka zambiri pakati pa anthu ofuna malo olima ndi boma lofuna kuiteteza, ndipo mbali yaikulu inadulidwa. Mudzi wa Khula unamangidwa pofuna kusamutsirako ena mwa anthuwo. Kwathunso ku Nyika anthu anachotsedwa mu 1978 pokulitsa paki, mabala ake sanapole. Zimenezo sindingakane.

Koma taonani kukula kwa tchire. Uzimba wanu unkachitika m'thengo loti munthu amayenda masiku osaona mapeto, nyama zothawa zinali ndi kothawira. Nkhalango ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere ndi kamzere chabe pamwamba pa milu ya mchenga, mbali ina nyanja, mbali ina minda ya nzimbe ndi bulugamu. Gwape wofiira amabereka mwana mmodzi basi, amakhala pamalo ake omwewo moyo wonse, sathamanga mtunda wautali. Agalu atatu otayirira akhoza kumaliza agwape a chigawo chonse m'miyezi yochepa popanda wowatuma. Ndipo ulenje wa agalu umene ukuvutitsa ku KwaZulu-Natal masiku ano si wa ndiwo. Anthu amadzaza agalu amtundu wa greyhound m'ma taxi, amalowa pa famu ya mwini, n'kubetcherana ndalama kuti galu wa ndani agwire nyama poyamba. Kanyama kotchedwa oribi katsala pang'ono kutha m'chigawocho, ndipo zimenezi ndi chimodzi mwa zifukwa zake.

Madala Gomani: Za kubetcha ndi ndalama si uzimba umenewo, ndi juga. Apo tagwirizana. Koma ndikanali kunena kuti amene amakhala pafupi ndi nyama azidya nawo phindu lake. Mvuu ikadya chimanga cha munthu, amene amabwera ndi kamera samulipira.

Che Amidu: Madala anena mawu. Ku Liwonde mpanda wa magetsi usanabwere anthu amagona kumunda kulondera njovu.

Chisomo: Agogo, ife tonse ogwira ntchito m'nyumba za alendo kuno, Azulu, Amalawi, a ku Mozambique, malipiro athu akuchokera kwa mvuu zomwezo. Alendo sabwera kudzaona ife. Kuti phindu likufika kwa aliyense, ayi, silikufika, anthu a m'midzi amadandaula ndipo nthawi zina amatseka msewu. Koma nyama zitatha lero, mawa tonse tili pa Park Station ku Johannesburg kufuna basi yobwerera kwathu.

Mphunzitsi Banda: Ndipo zinangotsala pang'ono kuti milu ya mchenga ija ikumbidwe. Kampani ya migodi ya ku Richards Bay inkafuna kukumba chitsulo cha titanium kum'mawa kwa nyanja ya St Lucia, anthu anakana, boma la Mandela linaletsa mu 1996. Mu 1999 nthambi ya United Nations ya UNESCO inalemba malowa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, chaka chimodzimodzi ndi Robben Island. Dzina la iSimangaliso linabwera mu 2007. Gombe lake ndi la makilomita pafupifupi 220, kukafika ku Kosi Bay kumalire a Mozambique. Kumpoto kumeneko ndi kumene akamba akuluakulu a m'nyanja amatuluka usiku kudzaikira mazira mumchenga, kuyambira cha mu November, tiana timaswa pakatha miyezi iwiri, cha mu January mpaka March. Akhala akuwawerenga chaka ndi chaka kuyambira 1963. Galu amanunkhiza chisa chokwiriridwa n'kufukula mazira onse usiku umodzi. N'chifukwa chake za magombe mufunse kaye musanapite ndi Sheba, ambiri ali m'manja mwa paki.

Kondwani: Chabwino, pit bull mwamukana. Nanga galu wamkulu wa m'mafamu uja amati Boerboel? Ine ndimadutsa kumeneko pa N2 ndikamapita ku Richards Bay, pa mafamu a nzimbe ndimaona a Boerboel okhaokha.

Nachisale: Aise, Boerboel wamkulu amapitirira makilogalamu 60. Thumba la chakudya limene Sheba angadye miyezi iwiri, iye masabata awiri latha. Mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka za m'mimba amagulitsa potengera kulemera kwa galu, ndiye chilichonse mumalipira kawiri kapena katatu. Akamakula amavutika m'chiuno ndi m'mawondo. Ndi galu wabwino kwa munthu wa famu amene ali ndi ndalama ndi nthawi yomuphunzitsa. Rhodesian Ridgeback amapirira kutentha, koma kumbukirani kuti anamuweta kuti azisaka, muyezo wa mtundu wake unalembedwa ku Bulawayo mu 1922, ndipo akaona mbawala simungamugwire. Jack Russell ndi wamng'ono koma ndi amene amabwera kwambiri kwa ife atalumidwa ndi njoka, chifukwa sadziwa kubwerera m'mbuyo. Kunyanja kuli mphiri, kuli njoka yolavulira m'maso imene Azulu amati mfezi. Ikamulavulira, tsukani m'maso ndi madzi ambiri, thamangani naye kwa dokotala. Agalu a mphuno zophwatalala monga pug ndi bulldog, ndiponso husky wa ubweya wambiri, chinyezi cha kumeneko chimawazunza, amapuma movutika.

Galu amene Bambo a Yankho ali naye, amene ife timamuderera kuti ndi wamba, kuno ali ndi dzina, amati Africanis, ndipo pali anthu amene amamuteteza kuti mtundu wake usasokonekere. Ubweya waufupi, thupi lopepuka, sadwaladwala, amauwa akaona mlendo koma salumaluma. Pa nyumba ya alendo mukufuna galu wodzutsa anthu, osati wong'amba anthu. Amene muli nayeyo ndi woyenera kale.

Bambo a Yankho: Achemwali mwandisangalatsa. Anzanga amandiseka kuti ndikuweta galu wa pa dzala.

Madala Gomani: Galu wamkota sakandira pachabe. Akumudziwo akauwa, tulukani mukaone.

Mayi a Tadala: Nanga zija amati galu uzimutsekera mumdima masana onse ndi kumuthira tsabola m'chakudya kuti aluse? Amuna anga amalimbikira zimenezo.

Nachisale: Auzeni abambowo kuti akupanga galu wamantha, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma mwana wa m'nyumba momwemo. Kumanga galu pa unyolo waufupi tsiku lonse, kumumana madzi, kumudula makutu, zonsezi ndi milandu pansi pa Animals Protection Act ya 1962, a SPCA akhoza kumulanda. Komanso wakuba wa ku Johannesburg saopa galu wolusa, amangoponya soseji yothira poizoni uja amati two-step, mphindi zochepa galu wagwa. Galu amene amapulumuka ndi wogona pafupi ndi khomo la mwini wake, kuseri, osati pa geti. Poizoni yemweyo anthu amagula pamsewu kuti aphere makoswe. Bambo a Yankho, ameneyo musapite naye ku St Lucia. Khoswe wodya poizoni amadyedwa ndi kadzidzi kapena msulu, nawonso amafa.

Chisomo: Ndiwonjezere za nkhupakupa, chifukwa kuno si ngati ku Gauteng kumene chisanu chimazichepetsa. Kuno kumatentha ndi chinyezi pafupifupi chaka chonse, nkhupakupa ndi utitiri sizipuma. Mphutsi zija timaziopa pa zovala zoyanika kwathu zilikonso, zimalowa pakhungu la tiana ta agalu togona pamchenga wonyowa.

Nachisale: Eya. Matenda a nkhupakupa amene kuno amati biliary amapha galu m'masiku ochepa. Muzimutsegula pakamwa kuona nkhama. Zikakhala zoyera m'malo mofiira, galu wafooka, sakudya, mkodzo wada, musagone naye, pitani tsiku lomwelo. Pali mapiritsi otafuna, NexGard wa mwezi ndi mwezi, Bravecto wa miyezi itatu. Ndi okwera mtengo koma ndi otsika poyerekeza ndi kugoneka galu kuchipatala. Auzeni abwana kuti aziika pa bajeti ya nyumbayo, pajatu galuyo akulondera katundu wawo. Mankhwala a dibi la ng'ombe musamathire mongoyerekeza, ambiri amabwera kwa ife akunjenjemera chifukwa cha zimenezo. Oilo wakuda wa galimoto pa galu wa mphere, ayi ndithu, amawotcha khungu ndipo galu amanyambita. Kumpoto kwa KwaZulu-Natal kulinso akashembe, a ku Nkhotakota ndi ku Kasungu mukuwadziwa, ndipo matenda awo amagwiranso agalu. Chimenecho ndi chifukwa china choti asamalowe m'nkhalango.

Che Amidu: Achemwali a Nachisale, ine ndili ndi mphaka pa shopu chifukwa cha makoswe. Mankhwala a utitiri a galuwo ndingamupake?

Nachisale: Ayi Che Amidu, chonde. Ena mwa mankhwala odontheza pakhosi pa galu ali ndi permethrin, ameneyo amapha mphaka. Panado nayenso amapha mphaka, ngakhale theka la piritsi. Gulani olembedwa kuti ndi a mphaka.

Mphunzitsi Banda: Amphaka ndiye alenje oopsa kuposa agalu, kungoti amasaka mwakachetechete. Ofufuza ku Cape Town anamangirira timakamera pa amphaka a m'nyumba, mu 2020 anatulutsa zotsatira zoti amphaka a mumzindawo amapha tinyama topitirira 27 miliyoni pachaka, abuluzi, mbalame, timbewa, ndipo tambiri sabwera nato kunyumba, mwini wake amangoti mphaka wanga ndi waulesi. Amakwerananso ndi avumbwe a m'tchire, mtundu wa vumbwe n'kumasokonekera.

Che Amidu: Wanga wa ku Mayfair vumbwe amuona kuti? Amangodziwa makoswe a m'sitolo ya mpunga.

Bambo a Yankho: Funso lina. Chakudya cha m'thumba sindingakwanitse mwezi uliwonse. Kuno amadya nsima yotsala ndi msuzi. Zikwanira?

Nachisale: Nsima yokha imadzaza mimba koma simanga thupi, ndipo galu wanjala ndi amene amakumba pansi pa mpanda kukasaka. Phikani phala la mgaiwa, muikemo mitu ndi mapazi a nkhuku, chiwindi pang'ono, dzungu kapena masamba, dzira mukakhala nalo. Mukapeza thumba la chakudya cha agalu, sakanizani kuti lichedwe kutha. Chenjerani ndi msuzi wa ndiwo zathu chifukwa timathira anyezi wambiri, anyezi amawononga magazi a galu. Mafupa ophika a nkhuku amathetheka n'kubaya matumbo. Chokoleti, mphesa ndi zoumba musamupatse, ndipo muwauze alendo, chifukwa alendo ndi amene amakonda kudyetsa galu pansi pa tebulo. Madzi azikhala pamthunzi nthawi zonse. Mankhwala a njoka za m'mimba pa miyezi itatu iliyonse.

Ndipo mpanda si ndende ngati mukumuyendetsa. Gulani chingwe, m'mawa ndi madzulo dzuwa lisanalowe muziyenda naye m'misewu ya m'tauni. Kukada, mkati.

Chisomo: Zinyalala muzitseka bwino, ndipo apusi musawadyetse ngakhale alendo atakupemphani kuti ajambule. Pusi wozolowera nthochi za anthu amayamba kulanda, mapeto ake amalumana ndi galu kapena wina amamuwombera ndi mfuti ya mpweya. Pusi wamphongo ali ndi mano otha kung'amba galu pamimba.

Nachisale: Chomaliza kwa ine, ndikufuna kukagona. Sheba mumutseketse asanapite, asabereke. Galu wamkazi akakhala pa nyengo yake, amphongo a m'midzi yonse yozungulira amabwera pa mpanda, ambiri osabayidwa, ndipo ndi pamene ndewu ndi matenda zimalowera. Kenako muli ndi tiana 6 kapena 8 topanda kotipereka. Kutseka kumamutetezanso ku matenda a chibaliro. Opaleshoni yake ndi ya tsiku limodzi, ulusi amachotsa pakatha masiku 10 kapena 14, ndiye chitani panopa kuti apole ulendo usanafike. Pa msewu wa Ermelo, Piet Retief ndi Pongola ndi makilomita opitirira 600, muziima kumupatsa madzi, osamusiya m'galimoto yotseka.

Madala Gomani: Apo pokha ine ndakana. Galu wabwino ngati ameneyo osasiya mbewu? Kwathu galu wotere anthu amalembetsa ana ake asanabadwe, wina amabwera ndi nkhuku. Muloleni abereke kamodzi.

Nachisale: Madala, pitani ku Booysens Loweruka mukaone agalu abwino ngati ameneyo ali m'makola kudikira munthu. Mbewu yake siikusowa.

Madala Gomani: Ndiye mukatseka onse abwino, otsala kubereka ndi a pa dzala enieniwo.

Mphunzitsi Banda: Madala ali ndi mfundo pa mtundu wa Africanis, koma woteteza mtunduwo akhale munthu wa kumudzi wokhala ndi malo, osati wolondera nyumba ya alendo m'mphepete mwa paki.

Bambo a Yankho: Za jekeseni ndi chingwe ndachita kale chiganizo, ndipita naye ku Marlboro Lachisanu ndikapempha tchuthi cha theka la tsiku. Za kutseka ndikambirane kaye ndi amayi a kunyumba, iwo ndi amene anamutola ndipo analonjeza kale kamwana kwa mlamu wawo wa ku Diepsloot.

Mayi a Tadala: Mlamuyo mumupatse pit bull wa msuweni wa Kondwani.

Kondwani: Amayi mwandisunga mumtima. Bambo a Yankho, ngati abwana sakufuna galu m'galimoto yawo, ine m'thiraki kampani siilola, koma ndikudziwa mnyamata wa galimoto ya bakkie amene amapita ku Empangeni kawirikawiri. Ndikutumizirani nambala kumbali.

Woyang'anira gulu: Abale, nkhani yakoma koma uthenga wa chopereka cha maliro a ku Mzimba wakwiririka pamwamba. Amene simunapereke, tsiku lomaliza ndi Lamlungu. A Nachisale, anthu atatu andifunsa kumbali ngati a SPCA amafunsa pasipoti munthu akapita ndi galu. Muyankhe pano mawa kuti onse amve.

Nachisale: Ndifunsa anzanga ogwira ntchito kumeneko m'mawa. Amene agalu anu ali ndi kabuku ka katemera, kajambuleni munditumizire, ndikuuzeni jekeseni imene yatsala.